Bwalo la Gofu la Anthu Onse

Lolemba

Sabata ino ndi yanga. Ndalemba pamwamba penipeni kuti ndisaiwale.

Zinthu zili motere. Digiri ya zokopa alendo ili m'sutukesi pansi pa bedi, ikudikira ngati mwini wake. Chibwerereni kuno ku Sanga ndalemba makalata a ntchito mpaka dzanja kuuma, yankho lake ziii. Ndiye amalume, amene ndi kapitawo ku esiteti ya labala, andipezera malo. Lolemba likubwerali ndikayambe kuyeza zidebe za utomoni pasikelo. Ine! Munthu amene ndinalemba pepala lathunthu la tsogolo la gombe lino. Iwo akuti, "Mphwanga, sikelo ndi yosavuta. Ngakhale wa digiri angathe."

Koma pali khomo lina. Mayi Chikopa, manijala wa loji ya kugombe kuno, akuti Loweruka kukubwera alendo achikulire ndipo m'modzi wafunsa ngati kuno kuli gofu. Mawu awo ndi awa: "Achimwene, mukandionetsa poti mlendo angamenye kampira, ndikulankhulirani kwa eni ake. Tikusowa munthu woona zosangalatsa alendo."

Ndiye ndi gofu kapena zidebe.

Gofu ndimamudziwa. Ndili ku koleji ndinkanyamulira mabwana zikwama kumapeto a sabata. Mabwalo a m'tauni ndi okongola, sindikukana, koma ali ndi mpanda, mlonda ndi chikwangwani choti mamembala okha. Kumaiko ena kuli mabwalo a khonsolo, aliyense amalowa, kaya ndi kondakitala. Ndicho ndikufuna kuno. Bwalo la anthu onse, pamalo a anthu onse, lopanda geti. Dera lino likugona kwambiri, likufunika wolidzutsa.

Zida:
- ndodo zinayi zimene anandisiyira bwana wina pobwerera kwawo (imodzi ndi yopindika pang'ono)
- timipira tisanu
- zitini za mkaka, zoika m'maenje
- khasu la amayi
- mutu

Malo a anthu onse amene ndayendera lero, kuyambira abwino koposa:
1. Dambo. Lathyathyathya, udzu wobiriwira ngakhale chilimwe chino, komanso timaiwe tachilengedwe. M'tauni amachita kukumba ndi thirakitala.
2. Gombe. Maonekedwe ake palibe bwalo lingafanane nalo. Mchenga wachuluka koma tiona.
3. Bwalo la kuseri kwa tchalitchi, povinira malipenga. Fumbi lokhalokha. Ndangolilemba kuti malo akwane atatu.

Amayi akuti khasu libwere ndi mpini wake.

Lachiwiri

Dambo.

Ndalawira nkhuku zisanatsike. Maenje ndakumba, zitini ndakwirira, zakhala ngati zinamera pomwepo. Za mbendera ndang'amba chitenje chakale chimene amayi analandira pa kampeni ina. Chipanicho chinatha, mwini nkhope ya pachitenjepo sitikudziwa anapita kuti. Ndadula mosamala kuti nkhope isaoneke. Pa mbendera imodzi patsala khutu lokha.

Kumenya koyamba kokoma kwabasi. Kampira kakwera, kakhota pang'ono, kenako thibu m'kadziwe. Palibe vuto, m'masewera zimachitika. Ndikupita kukakatola.

Si kadziwe wamba. Ndi moviika chinangwa cha kondowole. Fungoli ndakula nalo, koma dzulo ndinayendera dambo ndi maso okha, mphuno ndinaisiya kunyumba.

Ndisanapinde malaya, m'bango mwatuluka NyaChirwa, mwini chinangwacho, dengu lili pamutu.

"Dzanja lako lisalowe m'menemo. Ukavundula madzi chisanafewe, ufa wanga uda. Dzira lakolo udzatenga tikavuula."

Muvuula liti, ama? "Chikafewa." Chifewa liti? "Chikafuna."

Ndafotokoza kuti Loweruka kukubwera alendo, kuti chitukuko sichidikira. Akuti chinangwa nachonso sichithamanga.

Kachiwiri kagwera m'dziwe lomwelo. Kachitatu ndalozera dala kumanzere, kagwera m'dziwe la apongozi awo, amene angobwera ndi kukhala pamphepete pake, miyendo tambalale, maso ali pa ine.

Zimene ndaphunzira: dambo ndi la anthu onse, koma dziwe lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali pafupi.

Mbuzi yadya mbendera ya khutu ija.

Masana amayi akubwera kuchokera kumjigo, ndowa sanatule n'komwe. "Akuti wagulitsa dambo kwa azungu, mbenderazo ndi malire." Akutero ndani? "Onse. Ena akuti ayi, chipani chija chadzuka ndipo iwe ndiwe tcheyamani." Ndafunsa kuti iwo anayankha chiyani. Akuti ananena kuti sindili bwino chibwerereni ku sukulu, anthu n'kumvetsa.

Ndapita kukazula mbendera. Zitini zapita kale. Chimodzi ndachiona pamsika, akuyezera mtedza.

Timipira totsala: tiwiri.

Mndandanda watsopano:
1. Gombe.
2. Dambo, nyengo yopanda chinangwa, ngati iliko.
3. Fumbi lija.

Lachitatu

Gombe. Pano palibe chinangwa, ndayamba ndanunkhiza.

Koma usipa wafa wambiri. Mathandala adzaza, amene asowa thandala ayanika pamikeka, pamasaka, paliponse. Pamene Lolemba ndinaona bwalo lalitali loyera, lero pali nsomba zokhazokha ndi amayi ogula akukangana mitengo. Mbali inayo asodzi atambasula ukonde wa chilimira pamchenga, akusoka mong'ambika. Ine ndatsala ndi kanjira pakati.

Mavuto a mchenga:
- ukakumba dzenje limadzikwirira lokha, uli pomwepo
- kampira sikagubuduzika, kamangokhala pamene kagwera ngati kakwiya
- m'tauni mchenga amauika pang'ono kuti ukhale chilango. Kuno bwalo lonse ndi chilango

Ndamenya. Kampira kayenda pang'ono, mchenga wayenda kwambiri, wonse wakathera mu usipa wa mayi wina wonenepa wa chipewa. "Amene akadye zimenezi ku Mzuzu akatukwana ine, osati iwe." Ndapepesa. Ndathandiza kupeta. Digiri!

Ndamenyanso. Kagwera tsidya lina la ukonde. Ndadumpha ukondewo kukatola.

Asodzi onse akweza mitu.

Ada Mhone, mwini ukonde, aika singano pansi. "Wadumpha." Inde ada, pang'ono chabe. "Ukonde sadumpha. Sugwiranso. Bwerera momwe wadzera, chambuyo, mwendo womwewo."

Sindikukumbukira mwendo umene ndinatsogoza. Wina akuti wamanja, wina akuti anaona bwino, wamanzere. Ndabwerera ndi wamanja. Gulu la wamanzere likuti ndawonjeza tsoka. Ndadumphanso kuti ndibwerere ndi wamanzere. Tsopano a wamanja akuti kudumpha kwachiwiriku sikunabwezedwe. Ndakhala ndikudumphadumpha ngati chule, ndodo ili m'manja, amayi a usipa asiya mitengo akuonerera. Zatha pamene ada Mhone atopa, osati pamene agwirizana.

Ndi mkwiyo umenewo ndamenya kumenya kokongola koposa m'moyo wanga wonse. Kowongoka, kokwera, kopanda chilema. Kulunjika m'nyanja.

Katsala kamodzi. Msodzi wina wapempha kuti ayeseko. Ndavomera, popeza bwalo ndi la anthu onse ndipo ndinanena ndekha. Wagwira ndodo ngati nkhafi, wamenya, kampira kakagwera kupitirira mabwato. "Masewera abwino awa. Kena kalipo?"

Kalibe.

Mayi Chikopa atumiza uthenga pafoni: "Zikuyenda?" Ndayankha: "Kwambiri."

Mndandanda:
1. Bwalo la kuseri kwa tchalitchi. Ndaliganiziranso. Fumbi silinunkha, silinyowa, ndipo ungalidumphe mmene ungafunire.
2. Dambo.
3. Gombe. Ndi lokongola poliyang'ana basi.

Lachinayi

Kusaka timipira.

Minibasi yadikira anthu, yanyamuka, yabwerera kukatenga mayi amene anaiwala mwana wa mnzake, yanyamukanso. Dziko lino silidzasintha ndi liwiro limeneli.

Ku Mpamba ndalowa sitolo iliyonse. Zimene andionetsa nditati kampira koyera kolimba:
- mankhwala a mphemvu oika m'sutukesi
- mpira wa puulu, wolemera ngati mwala
- dzira lowiritsa

Wa kabaza wandiuza kuti ndisavutike, mipira ili pamsewu wa ku esiteti. Zoonadi. Amuna aima m'mbali mwa msewu akugunditsa pansi mipira yokulunga ndi timizere ta labala, kukopa a magalimoto. Wochepetsetsa ndi waukulu ngati lalanje. Ndafunsa ngati angandikulungire waung'ono. "Waung'ono suyenda malonda, bwana. Galimoto ikamathamanga sauona." Ndati ine sindine galimoto. Akuti ndibwere sabata yamawa.

Sabata yamawa ndiye nkhani yake imeneyo!

Ndagula mipira yonga malalanje yomweyo. Ndikuika m'chikwama, njinga yamoto yaima kumbuyo kwanga. Amalume.

"Wabwera kudzaoneratu malo ako? Wachita bwino, mphwanga. Jombo umavala nambala chani?"

Ndati sindifuna jombo. Ayang'ana mapazi anga, agwedeza mutu ngati ayeza kale, apita.

Madzulo ndapita kwa a Manda kukapempha bwalo. A Manda ndi Kingi wa gulu la malipenga la m'mudzi muno. Ndawapeza pakhonde atavala tayi, Lachinayi, opanda kopita. Munthu woyamba sabata ino kundimvetsera mpaka ndimalize.

"Bwalo ndi la tonse, mwana wanga. Kumba."

Basi. Opanda chikafewa, opanda mwendo uti.

Kenako apempha kuona ndodo. Asolola yonyezimira kwambiri ija, aipukuta ndi mpango, aizunguza pa zala, aipana kukhwapa, ayenda pakhonde chifuwa chili patsogolo, atembenuka mwadzidzidzi. "Yopepuka. Ndipo imagwira dzuwa." Ndawaonetsa kagwiridwe koyenera. Amvetsera mwaulemu, kenako aibwezera kukhwapa.

Ndikuona kuti ndapeza membala woyamba. Kusintha kumayamba ndi munthu m'modzi.

Lachisanu

Ndasesa bwalo lonse. Maenje ndakumba aakulu chifukwa lalanje silingalowe m'chitini cha mkaka. Ndaikamo zitini za penti. Mbendera ndadula pa thumba loyera la feteleza. Palibe nkhope, palibe khutu, palibe angati chipani.

Kuyesa mpira wa labala. Ndangougunda pang'ono, mwaulemu.

Wagunda, motsatana:
- pansi
- mtengo wa mango
- denga la tchalitchi
- pansi kachiwiri
- nkhuku
- khoma la chimbudzi cha abusa

Sunaime. Wangosowa. Mpira wa gofu umagwa n'kugona. Uwu ukagwa ndiye wayamba ulendo. Ndapeza njira: kumenya mokhala ngati ukupepesa. Ukatero umadumpha katatu kokha. Mlendo ndidzamuuza kuti ndi mtundu wa kuno.

Dzuwa litapendeka ndamva wezulo. Amuna a malipenga akulowa m'bwalo m'mizere, zipanda zawo zoimbira zili pakamwa, ng'oma ziwiri kumbuyo. Kuyeserera. Palibe amene wazemba dzenje. Wina walowetsa phazi m'chitini cha penti n'kupitiriza kuvina nacho, sitepe osaphonya, mpaka mzere utakhota. Maenje enawo awakwirira ndi mapazi, osayang'ana n'komwe pansi.

Ndadandaula kwa a Manda. "Mawa ukumbenso, ife sitiletsa. Bwalo ndi la tonse."

Ndayamba kuwaopa mawu amenewa.

Apempha kubwereka ndodo zitatu zowongoka, agone nazo kuti manja azolowere. Akuti mawa onse adzakhala pano, palibe adzajombe. Ndawapatsa. Mlendo akapeza anthu a m'mudzi atagwira kale ndodo, Mayi Chikopa adzaona okha kuti masewera alandiridwa.

Pobwerera ndaona zodabwitsa. Khomo lililonse akusita zoyera. Amayi atereka thobwa mumphika waukulu uja wa pamaliro. Kwa NyaChirwa akupha nkhuku. Ndafunsa amayi kuti zonsezi n'za chiyani, akuti, "Si za mawa?"

Sindimadziwa kuti nkhani yanga yafika patali chotere. Mwina anthu a kuno ndimawaweruza msanga.

Loweruka

Ndilemba mwachidule chifukwa mutu ukulira ng'oma.

M'mawa ndakumbanso maenje. Mbendera zaima. Ndavala malaya a kolala.

Kenako kwafika lole yodzaza amuna ovala zoyera, masokosi ofika m'maondo, nthenga pazipewa. Gulu la malipenga la ku Tukombo. Abwera kudzapikisana ndi lathu. Tsikuli analipangana kalekale, nthawi yokolola. Mudzi wonse ukudziwa, mbuzi zikudziwa, ine ndekha ayi.

Amayi: "Ukanafunsa. Unali kalikiliki ndi zitini."

Thobwa lija si langa. Nkhuku zija si zanga.

Galimoto ya loji yafika bwalo litazingidwa kale ndi anthu. Mayi Chikopa atsika ndi alendo awo, azungu achikulire a zipewa zazikulu. Wa gofu uja ndi bambo wamtali wa maondo ofiira. Mayi Chikopa akundiyang'ana, akuyang'ana khamu, akundiyang'ananso. Ndamwetulira ngati ndinakonza ndine.

A Manda ndi munthu waulemu, ndisaname. Akweza dzanja, anthu atsegula mpata. "Mwana wathu ali ndi kamasewera kake. Amenye kaye, tiyambe bwino."

Ndapatsa mlendo ndodo yopindika ija, popeza ndi yokhayo ndatsala nayo. Ndaika lalanje pansi. Walitola, walifinya, walinunkhiza, wandiyang'ana. Ndamuuza kuti amenye pang'onopang'ono, ngati akupepesa. Wavomera. Kenako wamenya ndi mphamvu zake zonse za ukalamba.

Mpira wagunda pansi, wagunda mango aja, wabwerera, wadutsa pamwamba pa mitu ya a ku Tukombo, n'kukamenya ng'oma yaikulu pakati penipeni. Du!

Woimba ng'oma wayankha. Wezulo walira. Basi zayambika.

Kutsogolo a Manda, oyera mbee, nthenga zikugwedera, ndodo yanga yonyezimira ikuzungulira pa zala, ikuwala mpaka amayi akulululutira. Kumbuyo kwawo akuluakulu awiri a gulu, aliyense ndi ndodo yanga kukhwapa. Maenje atha pa nyimbo yoyamba. Mbendera imodzi ndaiona m'manja mwa wovina, akupukutira thukuta.

Zoona zake, avina bwino. Sindikufuna kulemba zimenezi koma avina bwino. Fumbi lija likakwera ndi mapazi onse pamodzi, bwaloli limaoneka lina.

Alendo ajambula mpaka mafoni kuzima. Wa maondo ofiira waponya ndodo yanga pansi, wakalowa kumapeto kwa mzere, akuyesa sitepe. Za gofu sanafunsenso. Ndamutsatira ndi lalanje lina, wandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo, zikomo, maso ali kwa a Manda.

Gulu lathu lapambana, malinga ndi phokoso la anthu. A ku Tukombo akudandaula kuti ndodo zachitsulo n'kubera. Kenako Kingi wawo wandikokera pambali kufunsa kumene zimagulitsidwa.

Ndapeza Mayi Chikopa pansi pa mango akugwirizana ndi a Manda kuti gulu lizivina ku loji Loweruka lililonse. Atamaliza atembenukira kwa ine, nkhope ili mwee.

"Achimwene, mwatithandiza kwambiri. Ine zaka zonsezi sindimadziwa kuti kuseri kuno kuli zoterezi."

Nanga za ntchito zija, mayi?

"Zosangalatsa alendo si zapezeka izi? Ndinawafunsa a Manda ngati akufuna wowayendetsera, akuti iwo ali kale ndi Kingi."

Thobwa latha ndisanalawe.

Lamulungu

Tchalitchi. Abusa alalikira za kudekha, kenako alengeza kuti amene wataya mpira wa labala akautenge kuseri kwa nyumba yawo. Anthu onse atembenuka. Ndayang'ana m'buku la nyimbo.

Potuluka ndafunsa a Manda za ndodo zanga. Andigwira paphewa.

"Gulu lakhala pansi, mwana wanga. Ndodo zija tazilandira ndi manja awiri. Yewu ukongwa, zikomo kwambiri. Tsopano ndi za anthu onse. Si ndizo unkafuna?"

Ndizo ndinkafuna. Ndinanena ndekha pakhonde pawo, momveka bwino, kawiri.

Masana NyaChirwa abwera ndi timipira titatu m'mbale. Chinangwa chafuna. Timipirato tasanduka tachikasu ndipo amayi akana kuti tilowe m'nyumba. Ndiye lero ndili ndi timipira tenitenito, ndodo imodzi yopindika, bwalo ndilibe.

Mndandanda womaliza wa mabwalo a gofu a anthu onse a dera lino:
1. Kuseri kwa tchalitchi. Labwino koposa, bola usabwere ndi gofu.
2. Dambo. Limabweza timipira, koma pa nthawi yake.
3. Gombe. Silibweza.

Onse atatu alibe mpanda, alibe mlonda, aliyense amalowa. Vuto lake ndi lomwelo. Anthu onse analowa kale.

Khasu ndabweza ndi mpini wake. Amayi aliyang'ana mbali zonse asanalandire.

Madzulo amalume afika ndi jombo m'pepala. Akuti mawa ndilawire, lole ya esiteti sidikira wa digiri. Kuti andilimbitse mtima ayamba kuyamikira malowo. Akuti ndikakonda. Mitengo ili m'mizere yowongoka, yaitali mpaka maso kutopa. Pansi pake ndi posesa, pamthunzi, pathyathyathya. Kulibe chinangwa, kulibe ukonde, kulibe ng'oma. Masana antchito akaweruka kumangoti zii.

Ndangofunsa kuti mizereyo ndi yotakata bwanji.

Andiyang'ana nthawi yaitali. "Ayi, mphwanga."

Ndati ndimangofunsa.

"Ayi."

Chabwino. Mawa zidebe. Digiri ikhale m'sutukesi, yazolowera. Ndodo yopindika amayi aitenga kale, akugwetsera mapapaya.

Jombo zakula, amalume anayeza molakwa. Ndaika kampira kamodzi kutsogolo kwa iliyonse kuti phazi lisamasewere. Chifukwa chake ndi chimenecho basi.